Kwa Tisunge, Amene Akupita Kukaumba Anthu a M'magemu

Tisunge mwana wanga,

Ndikulemba ndili kuno ku shopu, makina ndawafunditsa nsalu, ndipo wobwera ndi diresi masana ano abwerera nayo. Iwe wapita ku tauni kukatsazika anzako. Ndikanatha kudikira kuti tikambirane pakamwa, koma timadziwana. Ndikangoyamba unena kuti, "Amayi, mwayambanso upolisi wanu," ine ndikwiya, kenako tsiku lomaliza litithera tili duu. Pepala siliyankha mwano. Uliwerenge usiku uno, usananyamuke ulendo wa ku Cape Town, ndipo ukafika pamene pakuwawa usaling'ambe.

Ntchito ukupitirayi ndaifotokozera anthu a ku tchalitchi mpaka pakamwa pauma. Ndimati, "Mwana wanga amaumba anthu a m'magemu. Ena amajambula, ena amachititsa kuti zithunzizo ziziyenda, koma iye ndi amene amanena kuti munthu uyu ndani, amaopa chiyani, akatsegula pakamwa anena zotani." Amangogwedeza mutu. Ine ndimanyadira, usakayike. Ndine ndinakusokera mwinjiro wakuda wa mapewa a siponji uja, umene unavala ku msonkhano wa anzako ovala ngati anthu a m'mafilimu, aneba akunong'onezana kuti kwa Agnesi kwalowa za satana. Tsiku limenelo ndinakuona iwe, wamanyazi wolephera kuitanitsa chenji mu minibasi, utaima pamaso pa gulu n'kumalankhula ngati mkulu wa asilikali. Choncho sindikukuletsa. Pita. Koma upite uli tcheru, chifukwa kumene ukupitako kwadzaza anthu odziwa kukonza nkhani, ndipo anthu otero ine ndinakhala nawo m'nyumba.

Ndiyambe ndi a Kelvin amene akukulemba ntchitowa. Tsiku anabwera kunyumba lija ndinawayang'ana kuyambira pa geti. Munthu wokulira m'Chibemba, koma anandipatsa moni m'Chinyanja chosalala, atanjuta, chipewa chili kumanja. Anadya zimene tinawapatsa, nayamikira ngakhale madzi akumwa. Sanaphonye paliponse, ndipo n'chimene chinandiimitsa mtima, chifukwa mlendo weniweni amapunthwa penapake. Kenako anayamba kundifotokozera gemu yako, ya mtsikana wotsika mu mgodi wotsekedwa kukafuna mchimwene wake. Anaifotokoza bwino kuposa iwe mwiniwake, manja akuyenda, mawu akukwera ndi kutsika. Pomaliza anati, "Nkhani yathuyi ifika kutali, ba mayo."

Ndinafunsa kuti, "Yathu ndi ndani?"

Anaseka. "Kuntchito kwathu tili ngati banja limodzi, mukwai. Palibe zoti ichi n'cha uje, ichi n'cha uje."

Iwe unanditsina pansi pa tebulo kuti ndisafunsenso. Koma nthawi yonse imene unkalemba nkhani imeneyo pa kompyuta yosweka galasi ija, malaiti akuzima iwe n'kumatukwana chamumtima, a Kelvin sindinawaonepo m'nyumba mwanga. Dzina lako likhale pa nkhani yako, Tisunge. Pasipoti yako ikhale m'chikwama chako, osati mu kabati ya munthu wina amene akuti akusungira.

Munthu wodziwa kufotokoza nkhani chonchi ndinakumanapo naye kale, ndipo ndi atate ako. Sindinakuuzepo bwinobwino mmene tinadziwirana. Nditangobwera kuchokera ku Katete kudzakhala ndi achimwene anga kuno ku Kwacha, komboni yathu ino ya mu Kitwe, kuseri kwa msika kunali kanyumba ka malata koonetseramo mafilimu: mabenchi a matabwa, kanema mmodzi pamwamba pa mgolo, nsalu yakuda pakhomo. Mafilimu ambiri anali a ndewu, a zilankhulo zimene panalibe wozimva. Atate ako ankaima pambali pa kanemayo n'kumamasulira, apa Chibemba, apa Chinyanja. Ankasintha mawu, a nkhalamba, a mkazi wolira, a sitelingi, mwini filimu uja amene tinkati amamenyedwa koma safa. Anthu ankabwerera iwo, osati filimu. Tsiku lina malaiti anazima ndewu yomaliza ili pakati. Anthu atayamba kukuwa, atate ako anakwera pa benchi n'kuimaliza filimuyo ndi pakamwa: sitelingi anadzuka, anagwetsa adani onse, anakwatira mtsikana amene ankamumenyera nkhondo. Tinatuluka tikuomba m'manja. Mawa lake ndinapitanso kukaonera yomweyo malaiti ali bwino, ndipo sitelingi anafera pa mlatho, mtsikanayo n'kupita ndi wina. Ndinawadikira panja.

"Dzulo munatinamiza," ndinatero.

"Iwe dzulo unagona bwino kapena sunagone bwino?"

Ndinati ndinagona bwino.

"Nanga ndakulakwira chiyani? Chilankhulo chimenechi ine sindimvapo ngakhale liwu limodzi, mlongo wanga. Ndimayang'ana nkhope za amene ali pa benchi, n'kuwapatsa chimene akufuna."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinaona ngati ndakumana ndi munthu wanzeru kuposa onse mu Kitwe muno. Anali atandiuza okha chimene iwo ali, tsiku loyamba lomwelo, ine n'kuchitenga ngati nthabwala. Mwana wanga, munthu akakuuza moseka kuti amapatsa anthu chimene akufuna kumva, mukhulupirire pomwepo.

Tinakwatirana, iwe unabadwa, kanyumba ka mafilimu kanatsekedwa anthu atayamba kugula makanema awoawo. Atate ako anayamba kugulitsa zitsulo za magalimoto, lero ku Ndola, mawa ku malire. Akasowa masiku, ankabwera ndi nkhani. Galimoto inafera m'thengo, iwo n'kukonza injini ndi waya wa mpanda. Akuba anawaimitsa, iwo n'kuwanyengerera mpaka akubawo anawabwezera katundu. Imene ndinkaikonda kwambiri inali ya kamnyamata kamene anakavuula mu mtsinje wa Kafue atakamva kakulira, iwo n'kulumphiramo ndi nsapato zomwe. Ndinkaiuza anzanga monyadira. Tsiku lina ndinakwera minibasi kupita ku Ndola kukagula nsalu, iwe uli kumbuyo. Pambali panga panakhala mayi wina wa ku Itawa, dera la ku Ndola komweko, wooneka bwino, wogwira ntchito mu ofesi. Anasewera nawe, tinayamba kucheza, nkhani n'kufika pa amuna. Anati wake ndi munthu wa mtima wabwino, moti analumphirapo mu Kafue ndi nsapato zomwe kukavuula kamtsikana. Ndinamva kuzizira m'mimba. Ndinafunsa kuti, "Kamtsikana kapena kamnyamata?" Anati kamtsikana, ndipo kanavala diresi yofiira. Ndinafunsa dzina la mwamunayo, anandiuza akumwetulira. Ndinatsikira pa siteji yotsatira, kutali ndi kumene ndinkapita, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka iwe unalira njala. Atate ako nditawafunsa sanakane. Anayamba nkhani ina, yoti mayiyo anali pa mavuto ndipo iwo ankangomuthandiza. Sipanathe chaka anasamukira ku Itawa komweko.

Chimene ndinatolapo ndi ichi, ndipo uchigwiritse: uzimvetsera kuti m'nkhani za munthu sitelingi ndi ndani. Amene sanakhalepo chitsiru m'nkhani yake, sanathawepo galu, sanasocherepo, umuope. A Kelvin anatiuza nkhani zingapo pa tebulo paja. Mu ina anapulumutsa kampani itatsala pang'ono kugwa. Mu ina anatola mnyamata wojambula m'misewu n'kumusandutsa munthu. Mu ina anakalipira azungu amene ankanyoza Afirika. Ndinadikira ya tsiku limene iwo analakwa, sinabwere. Ndiye ndinapempha kuti ndilankhule ndi mkazi wina aliyense wogwira ntchito kumeneko. Ukukumbukira, anamuimbira pa foni yoonana nkhope mtsikana uja wa magalasi. Ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, bwana wanuyu amakusungani bwanji?" Asanayankhe anayang'ana kumbali kaye, ndiyeno anati, "Ndi abwino kwambiri, mama." Iwe unamva mawuwo, ine ndinaona kuyang'ana kumbaliko. Mwina kunadutsa munthu, mwina ketulo inawira. Mwina a Kelvin ndikuwalakwira, ndipo ngati ndi choncho Mulungu andikhululukire, ndidzawasokera malaya. Koma ukafika, umufune mtsikana ameneyo ali yekha, umugulire tiyi, umufunsenso funso lomwelo.

Pali china chimene chinandionekera ku tchalitchi, iwe uli wamng'ono. Amayi a bungwe tinakonza sewero la pa msonkhano waukulu, la mwana wamasiye wozunzidwa ndi mkazi wa amalume ake. Onse anakana malo a mkazi woipayo, ine ndinavomera poganiza kuti ndi masewera chabe. Ndinawachita ndi mtima wonse. Ndinatulutsa maso, ndinamulanda mwanayo mbale, ndinamukankhira pansi, mpaka agogo ena anaimirira m'gulu n'kukuwa kuti, "Mfiti iwe, musiye mwana!" Anthu anaseka, abusa anayamikira. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinakhala "mayi wankhanza uja." Ana ankathawa ndikamadutsa. Mayi wina amene ndinkamusokera zovala za ana ake anasiya kubwera, n'kuuza anzake kuti munthu sangachite bwino chotero chinthu chimene mulibe mwa iye. Atate ako atachoka, ena anati n'zosadabwitsa, mkazi ameneyo tinamuona tonse. Chaka chotsatira anabweranso kuti ndichite mpongozi woipa, ati palibe wina angathe. Pamenepo ndinakana, koma dzina linali litakhala kale.

Anthu akakupatsa malo m'sewero lawo, Tisunge, safuna kuti utulukemo. Uko akakupatsa ako, ndipo ndikuwaona kale. A Kelvin potuluka m'nyumba anatulutsa foni n'kujambula ngalande ya kuseri kwathu, khoma long'ambika la aneba, ndi ana osavala nsapato amene ankasewera mpira wa mapepala. Maluwa anga sanawajambule, mashelefu a mabuku ako sanawajambule. Ndinawafunsa chifukwa chake, anati, "Anthu akunja amakonda kuona kumene luso lachokera." Ndiye kuti kumeneko ukakhala mtsikana wosauka wa ku komboni amene anatoledwa. Akakuimika pamaso pa alendo kuti unene za ngalande, iwo n'kuomba m'manja. Usavomere msanga ngati mmene ndinavomerera ine. Sunagonepo ndi njala, unapita ku sukulu nsapato zili kumapazi, ndipo palibe amene anakutola. Akafuna za ku Kwacha, uwauze zonse, ngalande ndi maluwa omwe, kapena usawauze chilichonse.

Tsopano ndifike pamene pakuwawe. Gemu yako ija unandiikira mu foni kalekale, ine n'kumati ndilibe nthawi. Sabata ino, makasitomala akachepa, ndakhala ndikuisewera. Zala zanga zinazolowera singano, moti mtsikana wako ndamugwetsera m'maenje kosawerengeka, koma ndinalimbikira mpaka ndinafika pamene akumana ndi Kapitawo, munthu wa pansi pa mgodi amene amamulonjeza kumuonetsa njira koma n'kumusocheretsa. Ndinamuzindikira msanga. Chipewa chopendekera kumanzere chija, chizolowezi chija choyamba mawu ndi "mlongo wanga." Waika atate ako mu mgodi, mwana wanga. Sindikukudzudzula, ndi ufulu wako, anakusiya ukadali wofuna kunyamulidwa. Koma wawapatsa maso ofiira, mano akuda, ndi mawu okhala ngati galu wolusa. Saseka, saseketsa. Akangotulukira, nyimbo imasintha kuti aliyense adziwe kuti woipa wafika.

Pamenepo wanama, Tisunge, ndipo bodza lakelo landipweteka ine. Ndani angatsatire munthu wa maso ofiira kulowa naye m'dzenje? Mtsikana wako akumutsatira, ndiye wosewera aliyense aziti mtsikanayu ndi chitsiru. Ine sindinali chitsiru. Mayi wa ku Itawa uja sanali chitsiru. Atate ako ankakunyamula paphewa kuchokera ku msika mpaka kunyumba akukuchitira mawu a galu, a mbuzi, a kondakitala woledzera, iwe n'kumaseka mpaka kuwanyowetsa kolala. Ndikadwala ankaphika, ankachapa, aneba n'kumandichitira nsanje. Zonsezo zinali zoona, ndipo kunama kwawo kunalinso koona, zonse mwa munthu mmodzi. Ukafuna kuti Kapitawo akhale woopsa, umupatse nthabwala. Amugawire mtsikanayo madzi ake omaliza. Amupulumutse kamodzi moona mtima. Wosewera amukonde, amukhulupirire, ayambe kuthamangira kumene iye waloza, kuti tsiku lomusocheretsa amve kuzizira kuja ndinamva ine mu minibasi. Magemu ako adzasewera ana a anthu, atsikana ngati iwe. Ukawaphunzitsa kuti woipa amabwera ndi mano akuda, adzathawa amisala a pa msika amene sanalakwire munthu, n'kutsegulira chitseko wobwera atanjuta, chipewa chili kumanja.

Ndipo mtsikana wakoyo umupatseko cholakwa chake. Panopa ndi wolimba mtima, wanzeru, wachifundo, wopirira, zonse pamodzi ngati mayi wa mu ulaliki. Sindinamuonepo munthu wotero ku Kwacha. Aziuma mutu ngati iwe, kapena azikayikira aliyense ngati ine mpaka kukhumudwitsa amene akumufunira zabwino. Ndimadziwa kuti khalidwe langali lakulemetsa nthawi zambiri. Anzako ena anasiya kubwera kunyumba chifukwa cha mafunso anga. Ukandiika m'gemu tsiku lina, usandikometse. Ungondisiyira chifukwa changa.

Chatsala ndi cha mawa. Ukudziwa kuti atate ako amva za ulendo wako, ndipo akufuna kukuona ku Ndola usanakwere ndege. Zaka zonsezi sanafunsepo kuti uli giredi yanji, lero amva kuti ukupita kunja ndiye akumbuka kuti ali ndi mwana. Achimwene anga amva kuti atate akowo akuuza anthu ku Itawa kuti luso lako ndi magazi awo, ati mwana wa ng'ona salephera kusambira. Chondinyansa n'choti pamenepo sakunama kwenikweni. Mawu a anthu ako a m'gemu ukamawayeseza m'chipinda, ndimamva iwo. Koma iwo ankayang'ana nkhope za anthu kuti awapatse chimene akufuna, ndipo ine ndikupempha kuti iwe uzidzawapatsa chimene chili choona, ngakhale agone moipa.

Dzulo anandiimbira foni. Nambala sindinaidziwe, ndinayankha ndili ndi mapini pakamwa, kasitomala ataima patsogolo panga ndikumuyesa chiuno. Ndinangomva kuti, "Agnesi, mlongo wanga, ukadali kubaya anthu ndi singano?" Ndinalavula mapini. Ndinali nditakonza mawu a tsiku limeneli kwa zaka zambiri, ndinkawabwereza ndikuchapa, ndikupalasa makina, mawu oti akawamva asowe pogwira. Ndinayamba ndithu. Anandisiya ndilankhule, anavomera zonse, anati ndikunena zoona. Kenako anayamba kufotokoza mmene anakagulira jekete la salaula, zovala zakale zija za pa msika, loti avale pokuperekeza, atafika kunyumba n'kupeza kuti ndi la akazi, mabatani ali mbali inayo, ndipo wogulitsayo akukana kulilandira ati thupi lawo ndi limene lili mbali yolakwika. Anachita mawu a wogulitsayo, anachita mawu awo omwe akudandaula.

Ndinaseka, Tisunge. Ndi zonse zimene ndikudziwa, ndi zonse ndalemba m'kalata muno, ndinaseka mokweza mu shopu mwanga mpaka kasitomala anasekanso osadziwa chimene akusekera. Kwa nthawi yoyamba anali chitsiru m'nkhani yawo, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ukalamba wawasintha kapena angodziwa kuti imeneyo ndiyo nkhani yokhayo imene ingandilowe. Nditadula foni ndinalephera kulowetsa ulusi mu singano, ndinauza mayiyo kuti abwere tsiku lina.

Choncho mawa useka nawenso. Usachite manyazi, ndipo usaganize kuti wandipereka. Ndi atate ako, uwapatse moni waulemu, uwamvetsere. Uwayang'anitsitse mmene amapendekera mutu, mmene amadikira kuti uyambe kumwetulira asanapitirize, chifukwa sukulu ya ntchito yako yoposa imeneyo sukaipeza ku Cape Town. Koma akafunsa kumene ukakhale, uwauze dzina la mzinda basi. Akanena kuti ali ndi nkhani zabwino zoti muikire limodzi m'gemu, unene kuti ukaganiza.

Ndinali nditanena kuti ndikusiyira pa siteji ya minibasi kuno ku Kitwe, chifukwa sindinkafuna kuwaona. Ndasintha maganizo. Ndasita chitenje changa chobiriwira, ndipita nawe mpaka ku bwalo la ndege, ndipo ndikakhala pakati pa iwe ndi iwo. Ukaona ndaluma mlomo n'kuyang'ana pansi, usandifunse kuti ndadwala. Ndiye kuti jekete lija alivala.

Uyende bwino, mwana wanga. Uziimba Lamulungu lililonse, ndipo uziyatsa kamera kuti ndiziona kumene maso ako akuyang'ana.

Ndine mayi ako,
Agnesi